Mfuti za Gogodera za ku Ntaja: Mtengo Wake Uli Pati?

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Liwonde kulowera ku Namwera akaima pa Ntaja tsiku la msika, amaona mpunga wa ku madambo a Chilwa, nsomba zouma za ku Chiuta, ndiponso anyamata a njinga akuitanira anthu okwera. Akaponya maso kummwera amaona mapiri a Chikala ali phee, ngati kuti sanamvepo phokoso lina lililonse koposa kulira kwa mbalame. Komatu m'mapiri amenewa munkamveka kulira kwa mfuti, ndipo utsi wa onga unkaoneka kutali, pa nthawi imene mfumu Kawinga inamanga malinga ake pamwamba pake.

Mfuti za masiku amenewo zambiri zinatha. Zina zinalandidwa ndi boma la atsamunda, zina zinadyeka ndi dzimbiri, ndipo zina amisiri osula anazidula nazisandutsa zipangizo zina. Komabe apo ndi apo, pamene banja likusasula denga la nyumba yakale kapena likugawana katundu wa agogo amene atsikira kulichete, imatulukira imodzi, yakuda ndi mwaye, thabwa lake litafumbwa. Pamenepo abale amagawikana maganizo. Wina amati itayidwe m'chimbudzi apolisi asanamve, wina amati igulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo mnyamata wodziwa za m'tauni amati aikwechese iwale chifukwa alendo amagula zinthu zakale ndi ndalama zambiri. Onsewa amalakwa pa chinthu chimodzi: amaweruza mfutiyo asanaiwerenge, pamene chitsulo chimenechi chili ndi malemba ake onena kumene chinachokera ndi njira imene chinadzera.

Mmene mfuti zinafikira kuno

Ayao a Chimachinga, omwe mwa mafumu awo munali Kawinga ndi Liwonde, analowa m'dera lino kuchokera kuvuma cha pakati pa zaka za m'ma 1800. Iwowa anali kale akatswiri a maulendo a malonda. Ankasenza minyanga ya njovu kupita nayo ku madoko a Kilwa, Ibo, Mozambique ndi Quelimane, ndipo pobwerako ankanyamula nsalu, mikanda, waya wa mkuwa, mfuti ndi timigolo ta onga. Pamene minda ya ku Zanzibar ndi zilumba zina za m'nyanja ya Indian inayamba kufuna antchito ochuluka, anthu nawonso anasanduka katundu. Mfuti inkapha njovu ndi kugwira akapolo, ndipo minyanga ndi akapolowo zinkagula mfuti zina. Mfumu ya mfuti zambiri ndiyo inkakhala ndi anthu ambiri, pakuti ofooka ankathawira kwa iyo kuti iwatchinjirize.

Mfuti zimenezi sizinali zosowa ayi. M'chaka cha 1888 kazembe wa Britain ku Zanzibar anayerekeza kuti mfuti za pakati pa 80,000 ndi 100,000 zinkalowa chaka chilichonse kudzera m'madoko a kuvuma kwa Africa. Zambiri zinali zimene magulu a nkhondo a ku Ulaya anazileka atapeza zamakono, ndipo zina zinkapangidwa motchipa ku Birmingham ndi ku Liège dala kuti zikagulitsidwe ku Africa. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa eni dziko m'chigawo chachikulu cha Africa, koma linasiya mpata wa mfuti za mwala ndi onga wamba m'madera amene munalibe malonda a akapolo. Motero mzungu anasunga mfuti yothira chipolopolo kumbuyo, nasiyira wakuda yothira onga kukamwa.

Kusiyana kumeneku kunaonekera poyera pamene Harry Johnston anafika m'chaka cha 1891 kudzakhazikitsa boma la Britain. Iye anadza ndi asilikali pafupifupi 70 ochokera ku India motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Chaka chomwecho asilikaliwa anayesa kukwera Chikala koma sanathe kumuchotsapo Kawinga, ndipo Maguire anaphedwa mu Disembala kwa Makanjira. Mu 1893 kunabuka nkhondo ndi Liwonde m'mbali mwa Shire. Kumayambiriro kwa 1895 Kawinga anatsikira kwa Malemia kufupi ndi mishoni ya Domasi, koma anabwezedwa, ndipo posakhalitsa malinga ake a pa Chikala anagwa, iye nathawira ku dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi. Chakumapeto kwa chaka chomwecho Jalasi nayenso anagonjetsedwa pa phiri la Mangochi. Mfuti yakale yopezeka m'mudzi wa ku Ntaja ikhoza kukhala mboni ya zaka zimenezi.

Phunziro lochokera ku Afghanistan

Ambiri mwa asilikali a Maguire anali a mtundu wa Sikh, otengedwa m'magulu otchedwa 23rd ndi 32nd Pioneers, magulu amene anamenyako nkhondo ku Afghanistan pakati pa 1878 ndi 1880. Dziko limenelo, lomwe lili kutali ndi Machinga monga kumwamba ndi pansi, lili ndi mfuti yake yakale yotchuka kwambiri pakati pa anthu osonkhanitsa zida zamakedzana, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro kwa mwini gogodera wa kuno.

Mfutiyo imatchedwa jezail. Mpope wake ndi wautali kwambiri, thako lake ndi lopindika ngati chikwakwa, ndipo kawirikawiri imakongoletsedwa ndi timafupa, mkuwa ndi zigoba zonyezimira za m'nyanja. Amisiri a kumeneko ankasula okha mpope ndi kusema thabwa, koma loko, ndiko kuti chitsulo cha pambali chimene chimabutsa moto, nthawi zambiri ankachita kuchotsa pa mfuti za asilikali a East India Company. Mfuti ya asilikali a Britain ya nthawi imeneyo, yotchedwa Brown Bess, sinkalasa bwino chinthu chotalikira kupyola mamita 100, pamene jezail inkafika patali kuposa apo. Mu Januwale 1842 gulu la asilikali 4,500 ndi owatsatira pafupifupi 12,000 linanyamuka ku Kabul kubwerera ku India, koma linathera m'zigwa za chisanu, likuwomberedwa kuchokera pamwamba pa matanthwe. Pa 13 Januwale dotolo William Brydon anafika pa Jalalabad ali yekhayekha pa kavalo wotopa, ndipo kuyambira pamenepo dzina la jezail linadziwika ku Ulaya konse.

Kutchuka kunabala msika, ndipo msika unabala chinyengo. Alendo a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndiponso asilikali akunja amene anapita ku Afghanistan kuyambira 2001, ankafuna kubwerera kwawo ndi jezail. Amisiri anaona mwayi, nayamba kulumikiza loko wakale ku mpope watsopano, kudetsa thabwa kuti lioneke lokalamba, ndi kudinda zizindikiro zabodza. M'dera la Khyber, kumene luso lokopera mfuti ndi lakale, mwapezeka mfuti zodindidwa zilembo za Mfumukazi Victoria pamodzi ndi chaka chimene iye anali atamwalira kale, pakuti anamwalira mu 1901. Chifukwa cha ichi akatswiri oyesa zida zakale anaphunzira kusakhulupirira kukongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iwo amayang'ana chiwalo chilichonse pachokha, ndipo amalemekeza mfuti yosakongola imene ulendo wake ukudziwika koposa yonyezimira yopanda mbiri. Njira yomweyi ndiyo yoyenera kuyesera gogodera wa ku Ntaja.

Kuwerenga mfuti

Chinthu choyamba ndi moyo wa woyesayo. Alenje akale ankasunga mfuti ili yothirathira kale onga, ndipo onga wakuda ukakhala pouma sutha mphamvu ngakhale papite zaka 100. Munthu wanzeru saloza nayo mnzake, sasuzumira kukamwa kwake, ndipo saiika pamoto pofuna kumasula zomangira. Amatenga kandodo kowongoka, nakalowetsa mumpope pang'onopang'ono, kenaka nakayeza kunja kwa mpopewo. Ngati kandodoko sikanafike pamene pali kabowo kolowera moto, ndiye kuti m'katimo muli kanthu, ndipo mfutiyo iyenera kugwiridwa monga yamoyo.

Chachiwiri ndi mtundu wa loko. Mfuti zonse za gogodera zimadyera kukamwa: mlenje amathira onga, naikamo chipolopolo ndi kansanza, nagogoda ndi kachitsulo kosindira, ndipo dzinalo likudzifotokoza lokha. Kusiyana kuli pa kabutsidwe ka moto. Pa mfuti ya mwala pali kachitsulo kokhala ndi nsagwada ziwiri zoluma mwala wolimba. Mlenje akakhethemula, mwalawo umakhula chitsulo choimirira patsogolo pake, ndipo timoto timagwera m'kambale ka onga, moto nulowa mumpope kudzera pa kabowo. Mfuti yotere inkavuta pa dzinja, pakuti onga wa m'kambale ukanyowa sinkalira. Pa mfuti ya fataki palibe mwala kapena kambale. Pali kansonga koboola pamene amavekapo kachipewa kamkuwa, ndipo kanyundo kakamenya kachipewako moto umabuka. Nzeru imeneyi inachokera pa zimene mbusa wa ku Scotland, Alexander Forsyth, analembetsa mu 1807, ndipo asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mfuti za fataki cha m'ma 1840. Choncho mfuti ya fataki siingakhale ya zaka za m'ma 1700. Koma ya mwala nayonso siitanthauza ukale nthawi zonse, chifukwa mafakitale a ku Ulaya anapitiriza kupangira Africa mfuti za mwala kufikira m'zaka za m'ma 1900.

Chachitatu ndi zizindikiro zodindidwa, ndipo apa m'pofunika maso odekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa loko wa mfuti zambiri pamapezeka mawu akuti TOWER pamodzi ndi chisoti chachifumu. Pansi pa chisoticho pakakhala zilembo GR, zikunena mfumu George, ndipo zikakhala VR zikunena Victoria, amene analowa ufumu mu 1837. Loko wa East India Company amakhala ndi chithunzi cha mtima chokhala ndi zilembo m'kati, kapena mkango woimirira pa maloko apambuyo pake. Chakumbuyo kwa mpope kumakhala tizizindikiro tosonyeza kuti mpopewo unayesedwa ndi onga wambiri osaphulika. Ndodo ziwiri zachifumu zopingasana ndi chizindikiro cha nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham, imene inakhazikitsidwa mu 1813. Zilembo ELG m'kati mwa mzere wozungulira ngati dzira ndi za ku Liège m'dziko la Belgium, ndipo pamwamba pake pakakhala kachisoti ndiye kuti mpopewo unayesedwa mu 1893 kapena pambuyo pake. Kachisoti kamodzi kameneka kakhoza kutsutsa nkhani yonse ya munthu wonena kuti mfuti yake inamenya nkhondo ya pa Chikala ya 1891. Mfuti zina zodzera kwa Apwitikizi zimakhala ndi dzina lakuti Lazarino, lotengedwa kwa mmisiri wakale wa ku Italy ngakhale kuti iye sanazikhudze n'komwe. Chimodzimodzinso mawu akuti TOWER: amalonda ena ankawadinda pa mfuti zotchipa chifukwa ogula a ku Africa ankawakhulupirira. Chizindikiro chimodzi pachokha si umboni wokwanira; loko, mpope ndi thabwa ziyenera kuvomerezana.

Chachinayi ndi ntchito ya manja a kuno. Mfuti yofika m'manja mwa mlenje wa ku Machinga sinkakhala monga inachokera ku fakitale. Thabwa likang'ambika ankalikulunga ndi waya wa mkuwa, kapena kulivundikira ndi chikopa chachiwisi chimene chikauma chimagwira ngati chitsulo. Ena ankakhomera timisomali tamkuwa pa thako, ena ankamangirira zithumwa, ndipo thabwa likatheratu mmisiri wa m'mudzi ankasema lina ndi mtengo wa kuno. Munthu wosadziwa amaona zimenezi ngati zilema, nazichotsa. Komatu zimenezi ndizo zimasiyanitsa mfuti imeneyi ndi zikwi zinzake zimene zinatuluka m'fakitale imodzi, monga momwe luso la amisiri a ku Afghanistan linasandutsira loko wa ku London kukhala jezail.

Chachisanu ndi kusiyanitsa yakale ndi yadzulodzulo. Mawu akuti gogodera masiku ano amanenanso mfuti zimene anthu opha nyama mozemba amapanga okha ndi mapaipi ndi zitsulo za galimoto, zonga zimene alonda a nkhalango ya Liwonde amalanda. Zoterezi zimadziwika ndi zipsera za kuwotcherera, mabawuti a m'sitolo, mphira m'malo mwa sipuling'i, ndi mpope wofanana kunenepa kuyambira kumbuyo mpaka kukamwa. Mpope wa mfuti yeniyeni yakale umakhala wonenepa kumbuyo, kumene onga umaphulikira, ndipo umanka nuwonda kutsogolo. Yapaipiyo siili m'gulu la zinthu zamakedzana. Ndi chida choopsa kwa nyama ndi kwa mwini wake yemwe.

Dzimbiri ndi mbiri

Cholakwa chachikulu chimene eni mfuti zakale amachita ndicho kukwecha. Mnyamata amatenga mchenga, phulusa kapena pepala lokhulira, nayamba kukhula mpaka chitsulo chitayera, ndipo thabwa amalipaka vanishi. Akamaliza amakondwa, osadziwa kuti wafafaniza tizizindikiro tosazama timene tikananena dziko ndi chaka, ndipo wachotsa khungu lofiirira limene zaka zinaveka chitsulocho. Kwa akatswiri khungu limeneli ndilo umboni wa ukale, ndipo likachoka silibwerera. Chisamaliro choyenera n'chochepa: kupukuta fumbi ndi nsalu youma, kupaka mafuta pang'ono pa chitsulo pokha, ndi kusunga mfutiyo pouma, kutali ndi chiswe.

Nanga mtengo wake wa ndalama? Apa eni ake ayenera kumva zoona. Popeza mfuti za malonda zinapangidwa zochuluka kwambiri, ndipo zambiri zotsala ndi zodyeka, msika wa kunja suziwerengera ndalama zimene anthu amaganiza. Chimene chimakweza mfuti yotere ndi mbiri yotsimikizika: anali nayo ndani, anaipeza bwanji, inayenda maulendo ati, ndipo inadutsa m'manja mwa yani kufikira lero. Mbiri imeneyi siidindidwa pa chitsulo. Ili m'mitu ya agogo, ndipo tsiku limene iwo aikidwa m'manda imapita nawo. Mdzukulu wofuna kudziwa mtengo wa mfuti ya pa banja ayambe wakhala pansi pa khonde, kope ndi pensulo m'manja, nafunse mwaulemu kuti, "Agogo, kodi mfuti imeneyi anabwera nayo ndani? Nanga iwowo anali mbumba ya yani?" Zimene ayankhe azilembe monga anenera, pamodzi ndi dzina la mudzi ndi tsiku, ndipo zizindikiro za pa loko ndi pa mpope azijambule. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amagonera bwino akalembedwa.

Mayankho ena sadzakhala okoma. Mfuti ina inadyetsa mudzi pa nthawi ya njala ndi kuthamangitsa mikango, koma ina inagulidwa ndi mwana wa munthu. M'midzi ya ku Ntaja lero, zidzukulu za ogwira ndi za ogwidwa zinakwatirana kalekale, zimamwa pa chitsime chimodzi ndipo zimalira maliro amodzi. Kusunga mfuti yakale sikutamanda zimene inachita ayi, koma kusunga umboni wakuti zinachitikadi. Mwana wa sukulu amene wangowerenga za malonda a akapolo m'buku amaiwala mayeso akatha, koma amene waona ndi maso ake chitsulo chimene chinachokera ku Birmingham, nichidzera ku Kilwa kapena Quelimane pa phewa la munthu mpaka kufika pansi pa Chikala, amamvetsa kuti nkhaniyo inachitikira pa nthaka imene makolo ake amalima. Boma la Malawi lomwe linazindikira kufunika kwa mbiri imeneyi pamene mu 2011 linapereka njira za akapolo za m'dziko muno ku bungwe la UNESCO kuti ziganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi.

Lamulo likuti bwanji

Pali malamulo awiri amene mwini mfuti yakale sayenera kuwalumpha. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna kuti munthu wosunga mfuti akhale ndi chilolezo, ndipo ukale wa mfuti si chifukwa choti munthu adziweruzire yekha kuti lamulolo silikumukhudza. Lamulo la zipilala ndi zinthu zamakedzana la 1990 limaletsa kutulutsa kunja kwa dziko zinthu za mbiri popanda chilolezo cha boma. Choncho wogula wobwera madzulo ndi ndalama m'thumba, wonena kuti palibe chifukwa chodziwitsa aliyense, akuika banjalo m'mavuto ndipo akulanda dera lonse chinthu chimene sichidzabweranso.

Njira yowongoka ndi yodzera kwa nyakwawa, amene angaperekeze banjalo kukadziwitsa apolisi ndi kupempha kuti a Dipatimenti yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale aione mfutiyo isanaweruzidwe. Dziko lino lili ndi malo osungira zoterezi, monga nyumba ya ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre ndi ya ku Mangochi, kufupi ndi pamene paikidwa mzinga wa sitima ya Guendolen. Mzinga umenewo anthu amaudziwa chifukwa mbiri yake inalembedwa. Mfuti za anthu a Kawinga ndi Liwonde, zimene zinali mbali ina ya nkhondo za m'zaka za m'ma 1890, zikayenda ndi mbiri yolembedwa ndi eni ake nazonso zidzakhala ndi dzina.

Safunsa anadya phula. Banja limene lapeza gogodera padenga lisathamangire kuchimbudzi, kwa wogula zitsulo kapena ku mchenga wokwechera. Liyambe layesa ngati mulibe onga, liwerenge zimene zadindidwa pa chitsulo, ndipo koposa zonse lifunse agogo akadali moyo, pakuti chitsulo chingathe kudikira zaka zina 100, koma nkhalamba imene ikudziwa mwini wake woyamba siingadikire.